Thumba la Malume Ako Litsala Kuno

Govan, Glasgow
Lachinayi masana

Mwana wanga Dalitso,

Cholinga cha kalata ino ndi kukuthokoza, kukulangiza, ndi kusunga m'malemba zimene banja lathu linagwirizana Lachiwiri lapitali pa nkhani ya mlongo wanga Lameki, amene ali m'ndende ku America ndipo wapempha khoti la feduro kuti liunikenso mlandu wake. Nkhaniyi ikukhudza iwe kuposa wina aliyense. Ikukhudzanso ine amako, bambo ako, ndi akulu anga a Fanesi, amene iwe umawatchula kuti amayi aakulu. Mawa ukwera ndege kupita m'dziko lomwelo kukaphunzira za kamangidwe ka sitima zapamadzi, pa mtunda wa maola ochepa chabe kuchokera kumene iye akusungidwa. Pa msonkhano wa Lachiwiri unalipo, ndipo ungafunse chifukwa chake ndikukulembera zimene unamva ndi makutu ako. Chifukwa chake n'chakuti kumeneko ukapeza anthu amene adzakuuza kuti tinagwirizana zina. Ukadzamva zotero, udzatsegule kalatayi.

Ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka monga umachitira ndi buku la nyimbo kutchalitchi. Palibe vuto. Zimene zili muno si zowerenga mothamanga.

Ndiyambe ndi mbiri, mwachidule, kuti pasadzapezeke woisintha. Pamene tinapita ku America kuti bambo ako akaphunzire unamwino, Lameki ndiye anatilandira pabwalo la ndege. Ndiye anatipezera nyumba, ndiyenso ankakutenga kusukulu masiku amene ine ndinali kuntchito. Kwathu malume ndi mwini mbumba, ana a mlongo wake ndi ana ake, choncho panalibe amene akanafunsa funso. Zimene anakuchita uli mwana wa kupulayimale sindizilemba pano. Zinalembedwa kamodzi m'mabuku a khoti, ndipo kamodzi n'kokwanira. Chimene ndilemba ndi ichi: unandiuza, ndinapita kupolisi, unakhala pa mpando wa mboni mapazi ako asakufika pansi, ndipo unanena zoona pamaso pa anthu osawadziwa. Anamupeza wolakwa. Chaka chotsatira tinasamukira kuno, bambo ako atapeza ntchito pa chipatala chachikulu, ine n'kulowa mu ofesi yosunga mafayilo a odwala pa chipatala chomwecho.

Pa kulimba mtima kumene kuja sindinakuthokozepo. Ndinakuphikira, ndinakugulira nsapato za mpira, ndinasanja mapepala onse a mlandu m'mafayilo motsata masiku ake, koma mawu oti zikomo sanatuluke, chifukwa ndinkaona ngati mwana sathokozedwa pa chinthu chowawa. Ndikuwanena lero. Zikomo, Dalitso. M'nyumba ya Lameki munkalowanso ana ena a m'gulu lathu lopemphera. Ena mwa amayi awo sandipatsa moni mpaka lero. Ana amenewo tsopano ndi akuluakulu, ndipo sadzadziwa kuti ndiwe amene unatseka khomo lija.

Tsopano za pamene mlandu wafika. Ndikufuna uzimvetse bwino, chifukwa anthu akwathu akamva kuti nkhani yapita ku khoti lalikulu amayesa kuti mlandu wayambiranso. Sunayambirenso. Lameki anachita apilo m'makhoti onse a m'chigawo chimene anaweruzidwira, ndipo onse anakana. Njira imene yamutsalira ndi imene maloya amaitcha habeas corpus. Wam'ndende amapempha woweruza wa boma la dziko lonse kuti aone ngati chigawocho chikumusunga mophwanya malamulo aakulu a dzikolo. Woweruza ameneyo sazenga mlandu kuyambira pachiyambi. Amawerenga zimene zinalembedwa kale, n'kuona ngati makhoti oyamba aja analakwitsa moonekeratu, kulakwitsa kumene woweruza aliyense woganiza bwino sangakuvomereze. Dandaulo la Lameki n'lakuti loya wake woyamba sanagwire ntchito: akuti sanaitane abale amene akananena kuti unkawakonda malume ako, kuti sunkawaopa, ndi kuti mawu aja anakuika m'kamwa ndine. Loya wa boma amene akuteteza chigamulocho, mayi wodekha amene amandiyankha ngakhale ndifunse chinthu chimodzi mobwereza, anandiuza kuti khomo limeneli ndi lopapatiza ndipo ambiri salowapo. Koma anawonjezera kuti chimene chingalikulitse ndi chinthu chatsopano: mboni yosintha mawu, kapena khalidwe looneka ngati kusintha mawu. M'mapepala akale mulibe chatsopano. Chatsopano chingachokere kwa iwe kapena kwa ife. N'chifukwa chake langizo langa lalikulu ndi ili: moni ubweze, nkhani usayankhe.

Langizo limeneli ndinaliphunzira nditapunthwa ndekha. M'nyengo yozizira yapitayi foni ya m'nyumba inalira ine ndikusita mayunifomu a bambo ako. Anali mwamuna wa mawu ofatsa, wotumidwa ndi maloya a Lameki, ndipo anayamba ndi kuti, "Muli bwanji, amayi?" m'Chichewa chopindika chimene wina anamuloweza. Ine amene ndinakhalapo kalaliki wa khoti la majisitireti ndisanakwatiwe, ine amene ndimadzudzula atsikana a mu ofesi akasiya fayilo yotsegula pa tebulo, ndinafewa nthawi yomweyo. Munthu ali kutsidya kwa nyanja ndipo wavutikira kukupatsa moni m'chinenero chako, ungamudulire foni? Anafunsa za iwe. Kodi mayi wa ku Malawi akafunsidwa za mwana wake amayankha chiyani? Ndinati uli bwino kwambiri, wakula, ndiwe wamphamvu, ukugwira ntchito komangira sitima, ndipo umaseka kuposa tonse m'nyumba muno. Sindinamuuze za zaka zimene unkatsika basi ulendo usanathe ukamva fungo la mafuta amene malume ako ankadzola. Zimenezo sitiuza mlendo. Patapita miyezi loya wa boma ananditumizira zimene mbali inayo inapereka ku khoti, ndipo mawu anga anali momwemo, atasanjidwa bwino: mayi wake yemwe akuvomereza kuti mnyamatayo alibe chilonda chilichonse mumtima. Munthuyo sanapeke mawu ambiri. Ine ndinapereka ulemu, iye analemba umboni. Loya anati zimenezo n'zopepuka ndipo woweruza sangazidalire, komabe chakudya chinandikana kwa masiku angapo. Bambo ako atandiona ndikungoyang'ana mbale anati, "Amake Dalitso, mukanangomuuza kuti tonse tili ndi chimfine. Kuno ndi ku Glasgow, akanakhulupirira." Ndinaseka ndisakufuna.

Munthu ameneyo, kapena mnzake, adzakupeza. Adzakhala waulemu, mwina adzadziwa ndi dzina la timu imene umaikonda. Usamunyoze, akugwira ntchito yake. Umuuze kuti alankhule ndi loya wa boma, umutsanzike bwino, basi. Moni ubweze, nkhani usayankhe.

Kupunthwa kwanga kwachiwiri unakuona ndi maso ako, ngakhale kuti kulemera kwake sunakudziwe tsiku limenelo. Lamulungu lija mpingo unakupempherera pokutsanzika, amayi anakuzungulira m'holo ya tiyi ndi akatundu awo monga mwa mwambo: wina nsinjiro za mwana wake, wina chitenje cha mpongozi wake, wina zithunzi za ukwati. Wapaulendo sakana katundu. Tonsefe tinafika kuno titasenza za eni, ndipo ena anatisenzera zathu. Pamapeto pake akulu anga anabwera ndi thumba labuluu, muli juzi yoluka okha ndi Baibulo limene agogo ako anatumiza kuchokera ku Dedza. Anati, "Ili ndi la malume ake." Ananena mokweza pang'ono, amayi onse akumva. Ndipo ine ndinatambasula manja onse awiri, bondo litapindika, n'kulandira monga ndinaphunzitsidwira kulandira chinthu kwa wamkulu. Manja anagwira ntchito mutu usanafunsidwe.

Tikudikira sitima pa siteshoni ya Partick ndi akulu angawo, iwe ndi bambo ako muli potero, ndinawanong'oneza kuti, "Achemwali, kundende salandira majuzi ochokera kunja."

Iwo anati, "Akakana juziyo palibe kanthu. Bola mwana akaonekere. Munthu angafike m'dziko mmene muli malume ake osakaonekera? Anthu ati analeredwa ndi ndani?"

Pamenepo ndinazindikira kuti thumbalo ntchito yake inali yokufikitsa iwe pa chipata cha ndende. Wofuna kuona wam'ndende amayamba walemba pempho, ndipo pempho limasungidwa. Loya wa boma anandiuza kuti mwina sakanakulola n'komwe kulowa, koma pempho lokhalo, lokhala ndi dzina lako ndi siginecha yako, likanafika kwa maloya a Lameki sabata isanathe. Akanauza woweruza kuti: taonani, mnyamata uja wakula, palibe womukakamiza, amake ali kutali, ndipo ulendo wake woyamba m'dziko muno ndi wokaona munthu amene akuti anamulakwira, atamunyamulira juzi. Sindikunena kuti akulu anga anatchera msampha. Iwo amadziwa mwambo, mafayilo sawadziwa. Koma wa mbali ya Lameki amene anawatumizira uthenga kuti juziyo ifike pamanja, osati pa positi, amadziwa zonse ziwiri.

Thumbalo linakhala m'khonde la m'nyumba, pafupi ndi nsapato, tonse tikulilambalala. Bambo ako ankaliyang'ana akamapita kuntchito n'kunena kuti, "Mlendo uyu alibe tikiti, koma ali pafupi ndi khomo kuposa mwini ulendo." Phunziro lake ndi ili, mwana wanga: chinthu ukachilandira pamaso pa anthu, kuchibweza kumafuna mphamvu zoposa zimene kukana kukanafuna. Wina akakutambasulira kanthu kumeneko n'kutchula dzina la malume ako, manja ako akhale m'matumba mpaka mutu utayankha.

Ndili kalaliki wamng'ono kwathu, milandu ngati wako inkafika pa tebulo langa. Mwezi usanathe kunkabwera amalume atavala jekete, chipewa chili m'manja, n'kunena mofatsa kuti, "Takambirana kunyumba." Mboni zinkasowa, mwana ankatumizidwa kwa achibale akutali, ndipo fayilo inkatsekedwa. Mawu amenewo ndinkawalemba ndi dzanja lokongola limene ndinkanyadira nalo, ndipo ndinkaona ngati mtendere wabwerera m'banja. Ndikakumbukira zimenezo ndimathokoza Mulungu kuti mlandu wako unagwera pamalo pamene chipewa cha m'manja sichitseka fayilo. Ukamva wina akunena kuti nkhani za m'banja zimathera m'banja, umufunse kuti mwanayo amagona kuti nkhaniyo ikatha.

Komabe usadane ndi khoti chifukwa chakuti lalola Lameki kupempha. Ndi mlongo wanga. Ndinamubereka kumbuyo amayi ali kumunda, ndipo sindinasiye kumudziwa monga mwana amene ankalira akaona nkhuku ikuphedwa. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndimazisenza limodzi. M'ndende muli anthu ena amene sanalakwe, ndipo khomo limeneli linamangidwira iwo. Silingatsegukire iwo popanda ena kugogodapo. Zimenezi unandiphunzitsa ndiwe, ngakhale mwina waiwala. Tsiku limene uthenga wa pempho lake unafika, unandipeza nditakhala pa tebulo, pepalalo lili patsogolo panga. Unali utangoweruka, ovololo ikununkha chitsulo chopsa. Unawerenga pepalalo uli chiimire, kenaka unandiuza m'Chingerezi chako cha ku Govan kuti kuntchito kwanu malo alionse owotcherera amaunikidwa ndi makina, ngakhale wowotchererayo akhale katswiri wa zaka zambiri, ndipo powotcherera bwino sipaopa kuunikidwa. Utatero unatsegula firiji n'kufunsa ngati nyemba za dzulo zinatsala. Ine ndinali nditakonzeka kukutonthoza, koma wotonthozedwa ndinakhala ine. Zikomo pa zimenezonso.

Ndinalakwitsanso pofuna kukuletsa ulendo uno. Ndinasonkhanitsa timabuku ta masukulu ena a kuno ndi a maiko oyandikana nafe, n'kutiyala pa bedi lako osanena kanthu. M'mawa mwake ndinatipeza pa tebulo langa, utatisanja motsata zilembo. Unati watero kuti ndisavutike pofayila. Nditayamba kulankhula unandidula ndi "Naw, Mum" wako uja wokanira, n'kunena kuti dziko lonse lija si la Lameki, ndipo sudzasankha sukulu poyang'ana kumene kuli ndende. Ndinakwiya tsiku lonse, chifukwa sindinazolowere kuyankhidwa chotero. Lero ndikuthokoza kuti sunandimvere. Ndikanakusunga pafupi ndi ine, ndipo iye akanakhala akulamulirabe kumene mapazi ako angaponde. Ulangizi wa kholo uli ndi malire ake. Pamene ukuona kuti ndikulankhula chifukwa cha mantha, undilemekeze, koma usanditsate.

Ndifike pa msonkhano wa Lachiwiri, ndiulembe monga unachitikira. Tinakumana pabalaza titaweruka kuntchito, kunja kukadali kowala. Pa mwambo wathu nkhani ya mwana wa mlongo amaitsogolera ndi malume. Mpando umenewo unalibe munthu, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake. Choncho tinapempha a Mwale, mkulu wa mpingo wathu, kuti atikhalire pakati. Atapemphera anapereka mpata kwa akulu anga.

A Fanesi anati, "Chibale ndi fupa, sichiola. Ine sindikunena kuti Lameki sanalakwe. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu."

Ndinati, "Likudziwanso khoti, achemwali."

"Iwe ndi makhoti ako. Amayi kumudzi maso akutha. Akungofuna amve kuti mdzukulu wawo anakapereka moni kwa malume ake iwo asanatsikire kulichete. Moni wokha. Kodi moni ndi mlandu?" Atatero anatsegula foni yawo n'kutimvetsera mawu a agogo ako. Unawamva. Sindiwabwereza, chifukwa ngakhale ine anandipyoza mumtima.

Bambo ako anati, "Alamu, moni umenewo ulowa pa chipata uli moni, koma ukatuluka uli pepala la ku khoti."

"Inu ndinu mkamwini. Za mbumba yathu muzingomvera."

"Zoona, ndine mkamwini," anatero bambo ako, mawu ali pansipansi. "Koma amene ankakhala pakhomo la chipinda chake kudikira kuti agone, zaka zonse zija, anali mkamwini yemweyu."

A Mwale anaika kapu yawo pansi n'kunena kuti, "Mwini nkhani ali pompano, ndevu zili pachibwano, koma tikumukamba ngati ali ku Sande sukulu. Dalitso, iwe ukuti bwanji?"

Unadzuka, ndipo ndinayesa kuti ukutuluka. Unapita m'khonde, unatenga thumba labuluu lija, unabwera n'kugwada pamaso pa amayi ako aakulu, iwe amene iwo akhala akudandaula kuti mawondo ako ndi a Chisikoti, sapindika. Unalankhula m'Chichewa, lilime likukoka mawu ngati a ku Govan, koma panalibe liwu limene sitinalimve.

Unati, "Amayi aakulu, juziyi mwaluka bwino. Koma sindinyamula. Woweruza akandiitana ndipita, ndikanena zomwe ndinanena ndili mwana. Kundende sindipita. Agogo ndiwauza ndekha, musavutike ndinu."

Unapereka thumbalo ndi manja awiri. Akulu anga anakuyang'ana nthawi yaitali, manja awo ali pamiyendo. Ndinaopa kuti alisiya m'manja mwako, chifukwa akanatero ukanakhala chigwadire pamaso pa a Mwale ndipo sindikudziwa kuti tikanachoka bwanji pamenepo. Kenaka anati, "Chichewa chimenechi unkachibisa kuti?" Analandira, analiika pamiyendo, ndipo misozi inatsika. Chimene ine amako ndinalephera kuchita m'holo ya tchalitchi unachichita ndiwe, popanda kunyoza munthu. Sindinakuphunzitse zimenezo, ndipo sindinamizira kuti ndinakuphunzitsa. Ndingothokoza.

Dzulo unawaimbira agogo ako utatseka chitseko. Zimene munakambirana sindikuzidziwa ndipo sindifunsa. Iwo sanandiimbire kuyambira pamenepo. Mwina akwiya nane. Umenewo ndi katundu wanga, ndine mwana wawo, ndipo ndiusenza ndekha. Usauike m'sutikesi mwako.

Patsala malangizo ang'onoang'ono. Amalawi a kumeneko adzakuitana ku chakudya. Uzipita. Munthu sakhala yekha m'dziko lachilendo, ndipo ambiri a iwo ndi anthu abwino amene anafika nkhaniyi itatha kale. Koma tsiku lina, mbale zitachotsedwa, wina wachikulire adzasendera pafupi n'kunena kuti malume ako amakufunsa, kapena kuti ali ndi foni yawo pa mzere, ungowapatsa moni. Mafoni a m'ndende amajambulidwa. Uthokoze chifukwa cha chakudya, utenge jekete lako, uzipita. Akakunena kuti ndiwe wamwano, uwauze kuti anakulera ndine, adandaule kwa ine. Moni wa amene ali pamaso pako ubweze, nkhani usayankhe.

Upezenso munthu woti uzilankhula naye, monga mayi uja wa ku Pollokshields, mlangizi wa zamaganizo, amene unkapita kukamuona uli ku sekondale. Poyamba ndinkaona ngati kupita kwa munthu wotero n'kuulula za m'nyumba kwa mlendo, ndipo ndinkakudikira panja nkhope ili gwa. Nditaona kuti wayamba kufika kunyumba pa basi imodzi osatsika panjira, ndinamulembera kalata yothokoza. Usadikire kuti zinthu zivute. Sukulu iliyonse yaikulu ili ndi anthu otero, ndipo kufunsa si kufooka. Bambo ako awonjezera kuti uzilankhula pang'onopang'ono, chifukwa Chingerezi chako ngakhale a ku Edinburgh amachimva ndi theka.

Chigamulo cha woweruza chidzabwera nthawi imene sitikuidziwa. Mwina miyezi, mwina kupitirira chaka. Loya wa boma ali ndi adiresi yako yatsopano ndipo adzakudziwitsa iwe mwini, chifukwa sulinso mwana woti uthenga uzidzera kwa amake. Uthengawo ukadzafika usadzauwerenge uli wekha. Udzaitane mnzako, kapena udzatiimbire tidzawerengere limodzi. Chiyembekezo chathu n'chakuti pempho lidzakanidwa. Koma ngati woweruza adzapeza kuti panali cholakwika pa kazengedwe, n'kulamula kuti mlandu umvedwenso, zimenezo sizidzatanthauza kuti unanama. Adzakhala akuweruza ntchito ya loya, osati mawu ako. Zikadzatero ndidzabwera. Pasipoti yanga ili m'malo mwake, ndipo akuluakulu a ku ofesi ndawauza kale kuti tsiku lina ndingadzapemphe tchuthi mwadzidzidzi. Nthawi yoyamba ija ndinakhala kumbuyo kwako m'khoti. Ndidzakhalanso pomwepo, ngakhale kuti tsopano msana wako udzanditchinga.

Nditseke ndi zimene zinagwirizanidwa, kuti zikhale m'manja mwako. Sudzapita kundende, sudzalemba pempho lokaona Lameki, ndipo sudzalandira foni, kalata kapena katundu wopita kwa iye kapena wochokera kwa iye. Aliyense wofuna kulankhula za mlanduwu, kaya ndi loya, kaya ndi m'bale, kaya ndi mbusa, adzatumizidwa kwa loya wa boma. Khoti likadzakuitana udzapita, ndipo mmodzi wa ife adzakhala nawe. Palibe wa m'banja lino amene adzauze munthu wa mbali inayo za umoyo wako, zabwino kapena zoipa. Akatundu a eni amene ali m'sutikesi mwako ndi okhawo amene unavomera wekha. Thumba labuluu labwerera kwa amayi ako aakulu amene analuka juzi, ndipo za Baibulo la agogo ako, a Mwale adzafufuza njira imene ndende imavomereza, kuti likafike popanda dzina lako.

Mfundo zimenezi anazitchula ndiwe, Dalitso. Bambo ako anavomera. Ine ndinavomera. A Mwale anachitira umboni. Amayi ako aakulu sanayankhe Lachiwiri. Nditawafunsa kuti ndilembe chiyani, anati, "Lemba kuti ndinalipo." Koma lero m'mawa andiimbira ali pa basi yopita kuntchito. Afunsa kaye ngati wanyamula zovala zokwanira za mphepo, adandaula kuti jekete lako lija n'lopyapyala, kenaka ati, "Papepala lako lija ulembe kuti ndavomera, mwana asapite. Koma usalembe kuti ndasiya kupempherera mlongo wanga."

Ndalemba monga anenera.

Ndine amako,
Elube